Ubatizo ndi waulere, koma kutsata Yesu kuli ndi mtengo wake

Palibe mlaliki amene sakondwa akaona tchalitchi chadzaza mpaka ena n'kumamvera ulaliki ali pawindo. Koma Uthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka, mutu 14 kuyambira ndime 25 mpaka 33, umationetsa Yesu akuchita zosiyana ndi zimenezi. Chikhamu cha anthu chinkamulondola pambuyo, ndipo m'malo mochiyamikira, Iye anatembenuka n'kuchichenjeza kuti aliyense wofuna kukhala wophunzira wake ayambe wakhala pansi n'kuwerengera. Anapereka chitsanzo cha mmisiri amene amayamba kumanga nsanja asanaone ngati chuma chake chingakwane, ndi cha mfumu imene imapita kunkhondo isanawerenge asilikali ake. Onse awiri amathera m'manyazi.

Chitsanzo cha mmisiri sitichita kuchifuna kutali. Aliyense woyenda mumsewu wa M5 kudutsa pa Chintheche amaona nyumba zimene zinaima zitafika pawindo, udzu n'kumera m'zipinda, mbuzi n'kumabisalamo mvula. Eni ake anayamba ndi mtima wabwino, koma sanawerengere simenti ndi malata. Funso la lero, okondedwa awerengi, ndi lakuti: kodi chikhristu chathu sichikufanana ndi nyumba zimenezi?

Ife tikuti chipulumutso sichigulidwa, ndipo palibe munthu kapena mpingo umene uli ndi ufulu wochiikira mtengo. Komabe kutsata Yesu kuli ndi mtengo, ndipo mtengowo sulipiridwa pakhomo polowera. Umalipiridwa m'njira, tsiku ndi tsiku, munthu atabatizidwa kale. Palibe dera m'Malawi muno limene lingatiphunzitse bwino mfundo imeneyi kuposa gombe la Chintheche, pakuti mkangano wokhudza khomo ndi njira unachitikira pomwepa zaka zoposa 100 zapitazo.

Amishonale a Livingstonia anafika ku Cape Maclear pa sitima ya Ilala m'chaka cha 1875. Malungo sanawachitire chisoni. Dr William Black anamwalira mu 1877, ndipo chaka chomwecho anamwaliranso Shadrach Ngunana, mmodzi wa alaliki achikuda ochokera kusukulu ya Lovedale ku South Africa. Pofika mu 1881, manda a atumiki anali atachuluka kuposa anthu obatizidwa, pakuti wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Chaka chimenecho Dr Robert Laws anasamutsira likulu la mishoni ku Bandawe, pakati pa Atonga amene ankakhala m'malinga a mafumu monga Marenga ndi Mankhambira poopa nkhondo za Angoni. Nakonso ku Bandawe manda sanachedwe kuyamba kukumbidwa, ndipo alipo mpaka lero kwa amene akufuna kukawaona. Mu 1894 likulu linasamukiranso ku Khondowe, koma Bandawe inatsala ili chitsime cha maphunziro ndi chikhristu m'dera lonse la Atonga.

Zimene zinachitika pambuyo pake zinadabwitsa ngakhale amishonale eni ake. Atonga anailandira sukulu ndi manja awiri, ndipo m'zaka za m'ma 1890 anthu zikwizikwi ankasonkhana kudzamva Mawu. Ofuna ubatizo anachuluka koposa. Amishonale, poopa kudzaza mpingo ndi anthu osadziwa chimene akulowa, anapanikiza khomo. Munthu ankayamba wakhala m'kalasi ya omvera, kenako ya ophunzira katekisimu, ndipo zaka zingapo zinkatha asanayesedwe. Kudziwa kuwerenga kunkafunika, sukulu nazo zinayamba kulipiritsa, ndipo abusa oyesa anthu anali ochepa. Zonsezi zinkachitika pamene boma la atsamunda linkafuna msonkho wa nyumba, amuna ambiri n'kumapita kumigodi ya ku Harare ndi ku Joni kukausaka. Anthu ochuluka anatopa n'kudikira pakhomo la mpingo.

Apa ndi pamene panatulukira Elliot Kenan Kamwana, mwana wa m'dera lomweli, amene anaphunzira ku Bandawe ndi ku Khondowe. Iye anapita ku South Africa, komwe Joseph Booth anamuphunzitsa chiphunzitso cha Watch Tower, ndipo anabwerera kwawo chakumapeto kwa 1908. Uthenga wake unali wosavuta kumva: ubatizo ndi waulere, ndipo munthu asachite kudikira zaka. M'miyezi yochepa yokha anabatiza anthu oposa 9,000. Boma linachita mantha, makamaka chifukwa ankalalikanso kuti ulamuliro wa m'dziko lapansi, pamodzi ndi misonkho yake, unali pafupi kutha, ndipo mu 1909 linamugwira n'kumuchotsa m'derali.

Kodi analondola ndani? Tikaunika mofatsa, mbali iliyonse inagwira theka la choonadi. Kamwana analondola ponena kuti chisomo cha Mulungu sichigulitsidwa. Buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 8, limasimba za Simoni wamatsenga amene anafuna kugula mphatso ya Mzimu ndi ndalama, ndipo Petro anamudzudzula kolimba. Mutu womwewo umasimbanso za nduna ya ku Itiyopiya imene Filipo anaibatiza m'mbali mwa msewu tsiku lomwe inakhulupirira. Amishonale nawo analondola poopa chikhristu cha madzi okha, chopanda mizu. Chimene chinasokonekera n'chakuti mtengo unaikidwa pamalo olakwika. Anthu anayamba kuona ngati mtengo wa kutsata Yesu ndi zaka za m'kalasi ndi makobidi a sukulu, ndipo kuti ukangodutsa pamenepo wamaliza kulipira. Ena anaganiza kuti poti khomo latseguka kwaulere, ndiye kuti njira yonse ndi yaulere.

Moyo wa Kamwana mwini wake umatsutsa maganizo achiwiriwa. Sitikuvomereza zonse zimene ankaphunzitsa, ndipo chiyembekezo chake chakuti maufumu a dziko adzatha mu 1914 sichinakwaniritsidwe. Koma munthu amene ankabatiza anthu kwaulereyu sanatsate chikhulupiriro chake kwaulere. Anakhala zaka 28 kutali ndi kwawo, zambiri mwa izo ali pa ukaidi ku zilumba za Mauritius ndi Seychelles, ndipo analoledwa kubwerera mu 1937 ali wachikulire. Atabwera anayambitsa mpingo wa Mlonda n'kuutumikira mpaka imfa yake mu 1956. Nyanja imene ankabatiziramo anthu anaisowa kwa pafupifupi theka la moyo wake wauchikulire.

Nawonso amene anatsala mu mishoni analipira. Ana a Atonga amene makolo awo anathawa mikondo ya Angoni anakwera mapiri kukaphunzitsa ana a Angoni omwewo, potsata mapazi a William Koyi, mlaliki wa ku Lovedale amene anakhazikika ku Njuyu m'dziko la Inkosi M'mbelwa n'kumwalira komweko mu 1886. Kukhululukira mdani n'kosavuta kuimba m'nyimbo, koma kukagona m'mudzi mwake ndi nkhani ina. David Kaunda, wochokera kuno kwa Atonga, anapita kwa Abemba ku Chinsali mu 1904 pamodzi ndi ophunzira anzake, ndipo chaka chotsatira anakhazikika komweko. Anaphunzira chiyankhulo cha eni dziko, anatsegula sukulu, ndipo ntchito yake inabala mishoni ya Lubwa. Anamwalira mu 1932 n'kuikidwa kutali ndi mchenga wa kwawo. Ambiri amamukumbukira chifukwa mwana wake, Kenneth Kaunda, anadzakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la Zambia, koma pamene David ankanyamuka panalibe amene anamulonjeza zimenezo. Anangomva kuitana, n'kupita.

Ena analipira ndi kudikira. Abusa oyamba achikuda a mishoni ya Livingstonia, Yesaya Zerenji Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya, anadzozedwa mu 1914, patatha zaka 39 chifikireni amishonale, ngakhale anali atatumikira kale kwa nthawi yaitali. Mu 1933 Mwasi anatuluka n'kuyambitsa mpingo woima paokha kuno kwa Atonga, chifukwa ankakhulupirira kuti Mkhristu wa mu Africa ayenera kuima pamaso pa Mulungu ngati munthu wamkulu, osati ngati mwana wa mzungu. Ena anatsala mu CCAP, imene inakhazikitsidwa mu 1924, n'kumenyera ufulu womwewo ali m'kati. Onsewa, otuluka ndi otsala, anataya kanthu: ulemu, mabwenzi, malipiro, mtendere wa mumtima.

Tikaika nkhani zimenezi pamodzi, tanthauzo la kukhala wophunzira limayamba kuoneka. Wophunzira si munthu amene dzina lake lili m'kaundula wa mpingo basi. Ndi munthu amene wasintha mwini. Kale moyo wake unali wake, tsopano ndi wa Khristu. Marko, mutu woyamba, amasimba kuti oyamba kuitanidwa anali asodzi a pa nyanja ya Galileya: Simoni ndi Andreya anasiya makoka awo, Yakobo ndi Yohane anasiya bambo awo Zebedayo m'bwato pamodzi ndi antchito. Munthu wa ku Chintheche sachita kufunsa kuti khoka ndi chiyani. Amadziwa kuti khoka ndi munda, ndi sukulu ya ana, ndi ndiwo za madzulo. Sikuti Yesu amauza msodzi aliyense kuti atayiretu khoka lake. Koma amauza aliyense kuti kuyambira tsopano khokalo lili pansi pa ulamuliro wake, ndipo tsiku limene khoka ndi Khristu zidzasemphane, wophunzira amadziwa kale chimene adzasiye.

Mbusa wina wa ku Germany, Dietrich Bonhoeffer, anatulutsa buku lonena za mtengo wa kutsata Khristu mu 1937, chaka chomwe Kamwana ankabwerera kwawo. Anachenjeza mpingo wa m'dziko lake kuti unasandutsa chikhululukiro kukhala chinthu chotchipa chimene sichisintha moyo wa wochilandira. Iye anakana kugwadira ulamuliro wa Adolf Hitler, ndipo anapachikidwa kundende ya Flossenbürg pa 9 Epulo 1945. Kwathu kuno nako zoterezi si zachilendo. A Mboni za Yehova analetsedwa kuyambira 1967 mpaka 1993, ndipo zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula kupanda chilungamo inawerengedwa m'matchalitchi, maepiskopiwo anaopsezedwa, ndipo Monsignor John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, momwe mulinso boma la Nkhata Bay, anathamangitsidwa m'dziko muno mwezi wotsatira. Mipingo imeneyi imasiyana ziphunzitso, koma onsewa anadziwa kuti chikhulupiriro chimafika pena pamene chimaluma.

Wina anena kuti zimenezo n'zakale, lero tili pa ufulu wa chipembedzo ndipo palibe amene amamangidwa chifukwa chopemphera. N'zoona, ndipo tiyenera kuthokoza Mulungu. Koma mtengo sunathe, wangosamuka. Wachoka kundende n'kubwera kugombe, kumsika, kuofesi ndi kuchipinda.

Msodzi wachikhristu amadziwa kuti kuphera nsomba ukonde wa udzudzu kumakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, ndipo n'koletsedwa ndi malamulo. Anzake akamachita zimenezo n'kumabwera ndi zambiri, iye n'kukana, amabwerera kunyumba ndi zochepa. Umenewo ndi mtengo. Mwini bwato amene mayi wogula usipa akumupempha ngongole, ndipo aliyense pagombe akudziwa malipiro ena amene amuna ena amafuna kwa amayi otere, akasankha kumulemekeza ngati mlongo wake, anzake amamuseka kuti ndi wogona. Umenewo ndi mtengo. Mayi wogulitsa ufa wa kondowole amene amakana kuphwanya chitini choyezera kuti chichepe m'kati amapeza phindu locheperapo kuposa mnzake wa pambali. Mlembi wa muofesi amene amakana kangachepe amayenda wapansi pamene anzake akumanga nyumba zachiwiri. Bambo amene ali ku Joni zaka zitatu, akasunga pangano la ukwati n'kumatumiza chithandizo kwa ana ake m'malo moyambitsa banja lina kumeneko, amalipira ndi kusungulumwa kumene palibe amene amakuona.

Pali mitengo ina yowawa koposa chifukwa imalipiridwa pakati pa abale. Pamaliro, akuchimuna akayamba kugawana katundu wa malemu, mayi wamasiye ndi ana akuyang'ana, mkulu wa mpingo amene ali m'banjamo amaima pamphambano. Akayankhula, abale ake amuda, mwina kwa zaka. Akakhala chete, wasiya mtanda pansi. Lamulo la dziko la 2011 lokhudza chuma cha masiye limaletsa kulanda koteroko, koma kalata ya Yakobo inanena kale kuti chipembedzo choona chimaonekera pa mmene timasamalira ana amasiye ndi akazi amasiye. Chimodzimodzi mudzi ukaloza chala gogo wina kuti ndi mfiti chifukwa mwana wamwalira ndi malungo, Mkhristu amene angaime pakhomo la gogoyo amadziika pa ngozi. Apa ndi pamene mawu ovuta a pa Luka 14, onena za kuika Yesu patsogolo pa bambo, mayi ndi abale, amapeza tanthauzo. Yesu sakutiphunzitsa kudana ndi abale athu. Akutiuza kuti tsiku limene magazi ndi chilungamo zidzakokerane mbali ziwiri, wophunzira amatsata chilungamo.

Tiyenera kuchenjezana pa zinthu ziwiri. Choyamba, masiku ano kwabuka alaliki amene abwezeretsa mtengo pakhomo m'njira yatsopano. Amagulitsa madzi, mafuta ndi mapemphero, n'kumalonjeza kuti wopereka zambiri adzalandira galimoto, ukwati kapena chitupa cha ulendo. Kumeneko si kutsata Yesu, ndi malonda. Kupereka kumpingo n'kwabwino ndipo n'koyenera, koma munthu angathe kupereka chakhumi mwezi uliwonse moyo wake n'kukhalabe wake. Mtengo umene Yesu amanena sulowa m'thumba la mlaliki. Zakeyu atalandira Yesu m'nyumba mwake sanapereke ndalama kwa Yesu, koma anabwezera anthu amene anawabera ndi kugawira osauka.

Chachiwiri, si mavuto onse amene ali mtanda. Mayi amene akumenyedwa ndi mwamuna wake asauzidwe kuti apirire poti ndi mtanda wake. Wodwala asauzidwe kuti asiye mankhwala a kuchipatala pofuna kuonetsa chikhulupiriro. Mwana asachotsedwe sukulu kuti akwatiwe, n'kumati ndi chifuniro cha Mulungu. Mtanda ndi chimene munthu amasenza mwa kufuna kwake chifukwa chomvera Khristu ndi kukonda mnzake. Nkhanza zimene wina akuchitira mnzake ndi tchimo, ndipo wophunzira weniweni ndi amene amalowererapo kuti zithe, ngakhale kutero kumudanitse ndi ankhoswe kapena akuluakulu.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu wanzeru zake angavomere kulipira zonsezi? Yankho lili m'fanizo la pa Mateyu 13, la munthu amene anapeza chuma chobisika m'munda n'kukagulitsa zake zonse kuti agule mundawo. Lemba limati anachita zimenezi mokondwa. Sanadzione ngati woluza, chifukwa anadziwa chimene anapeza. Amene anayamba kulipira si ife. Khristu anapereka moyo wake ife tisanapereke kalikonse, ndipo chilichonse chimene timasiya ndi yankho chabe pa chikondi chimenecho. N'chifukwa chake mtengo wa kutsata Yesu sugula chipulumutso, monga momwe mwana wothandiza makolo ake kumunda sagulira umwana. Amalima chifukwa ndi mwana kale.

Ndipo zipatso zake zimaoneka ngakhale pansi pano. Sukulu, zipatala ndi mipingo imene yazungulira gombe lino inamera pa manda a ku Bandawe ndi pa mapazi otupa a aphunzitsi a m'midzi amene mayina awo ambiri anaiwalika. Nyumba imene bambo ake ndi wokhulupirika imagona tulo. Mwana amene waona mayi ake akubweza chenje chimene wogula anaiwala walandira ulaliki umene sadzauiwala. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Amene akufuna madalitso a Khristu avomerenso matope a m'njira yake, podziwa kuti m'matope momwemo ndi mmene mumamera chakudya.

Kwa atsogoleri a mipingo tikuti: phunzirani pa zimene zinachitika kuno mu 1908. Musapanikize khomo ndi zolipiritsa mpaka wosauka n'kuona ngati Mulungu ndi wa anthu a ndalama. Koma musamuuzenso wobatizidwa kuti wafika, pamene wangoyamba kumene. Kalasi isathere pa tsiku la ubatizo. Ndipo kumbukirani kuti nkhosa sizingalipire mtengo umene mbusa wake akuuzemba.

Kwa mabanja tikuti: madzulo ano, mukatha kudya, werengani limodzi Luka 14 kuyambira ndime 25, ndipo aliyense adzifunse funso limodzi: n'chiyani chimene ndinasiya, kapena chimene ndinataya, m'chaka chapitachi chifukwa chakuti ndine wa Khristu? Ngati yankho palibe, musataye mtima, koma musadzinamizenso. Mapanga awiri avumbwitsa. Mwina pali ngongole yoti ibwezedwe, chibwenzi choti chithe, m'bale woti akhululukidwe, kapena wamasiye woti abwezeredwe munda wake. Yambirani pamenepo. Nyumba imene inaima pawindo ingathe kumalizidwa ngati mwini wake wakhala pansi, wawerengera, n'kuyambiranso kuumba njerwa.

Tipemphere. Ambuye Yesu, munatilandira kwaulere pamene tinalibe choti n'kukupatsani. Tipatseni mtima wowerengera mtengo moona, ndi mphamvu yoti tisabwerere m'mbuyo tikauona. Mutiphunzitse kukutsatani pagombe, pamsika, pantchito ndi m'nyumba zathu, kufikira tsiku limene mudzamalize ntchito imene munaiyamba mwa ife. Amen.